Migwirizano ya mizinda ikumveka pa mfundo za anthu osamuka

Mafumu a mizinda m'mayiko osiyanasiyana akhala akumanga migwirizano yomwe tsopano ikumveka pa zokambirana za mfundo zokhudza anthu osamukira m'mayiko ena, ngakhale kuti mphamvu yololeza kapena kukaniza munthu kulowa m'dziko ikadali m'manja mwa boma lalikulu.

Gwero la nkhaniyi ndi kagawidwe ka ntchito pakati pa maboma. Pafupifupi m'dziko lililonse, ziphaso zoyendera, zilolezo zogwirira ntchito, chitetezo cha m'malire komanso chigamulo chakuti uyu ndi wothawa nkhondo kapena ayi, zonsezi zimachokera ku unduna wa boma lalikulu. Koma munthu akangodutsa pachipata, sakagona ku unduna. Amakafuna nyumba ya lendi, benchi mumsika, sukulu ya mwana wake ndi chipatala, ndipo zambiri mwa zimenezi zimayang'aniridwa ndi khonsolo. Wokonza lamulo amakhala wina, wosenza zotsatira zake n'kukhalanso wina.

Malinga ndi bungwe la United Nations, anthu okhala kunja kwa dziko lomwe anabadwira analipo pafupifupi 281 miliyoni mu 2020, ndipo pofika 2024 anali atakwana 304 miliyoni. Poyerekeza ndi anthu onse a padziko lapansi chiwerengerochi n'chochepa, sichifika anthu anayi mwa 100 aliwonse. Chomwe chimachititsa kuti nkhaniyi ikule ndi chakuti anthuwa samwazikana mofanana, amaunjikana m'mizinda. Kalembera wa 2021 anapeza kuti ku London anthu anayi mwa khumi aliwonse anabadwira kunja kwa dziko la Britain, pamene ku Toronto m'dziko la Canada ndi pafupifupi theka la anthu onse. Akale anati mlendo ndi mame, koma akuluakulu a mizinda yotereyi anazindikira kalekale kuti alendo awo sakamuka dzuwa likatuluka. Amakwatira, amabereka ana, amalipira msonkho ndipo amakalambira komweko.

Momwe migwirizanoyi inayambira

Kugwirizana kwa mizinda si kwachilendo. Bungwe loyamba la makhonsolo a m'mayiko osiyanasiyana linakhazikitsidwa mumzinda wa Ghent ku Belgium mu 1913, ndipo ndi lomwe linaphatikizana ndi mabungwe ena mu 2004 n'kupanga United Cities and Local Governments, kapena kuti UCLG, lomwe likulu lake lili ku Barcelona. Ku Ulaya, mizinda isanu ndi umodzi ya Barcelona, Birmingham, Frankfurt, Lyon, Milan ndi Rotterdam inayambitsa bungwe la Eurocities mu 1986. Kwa zaka zambiri mabungwewa ankakambirana za misewu, madzi, zinyalala ndi malonda, ndipo nkhani ya anthu obwera inkangotchulidwa pokamba za kuphunzitsa alendo chilankhulo ndi kuwapezera ntchito.

Zinthu zinasintha mu 2015, pamene anthu oposa 1 miliyoni, ambiri mwa iwo othawa nkhondo ku Syria, Afghanistan ndi Iraq, anafika ku Ulaya kudzera panyanja. Dziko la Germany lokha linalandira anthu pafupifupi 890,000 m'chaka chimenecho. Mayiko a mu mgwirizano wa European Union anagwirizana zogawana anthu 160,000 ochokera ku Greece ndi Italy, koma ntchitoyo itatha, anthu omwe anasamutsidwadi anali pafupifupi 35,000 okha. Pamene nduna zinkakangana ku Brussels, makhonsolo ndi amene ankayala mabedi m'maholo a zamasewero.

Mu September 2015 mfumu ya mzinda wa Barcelona, Ada Colau, pamodzi ndi Anne Hidalgo wa ku Paris komanso atsogoleri a zilumba za Lesbos ndi Lampedusa, anatulutsa chikalata chouza maboma awo kuti mizinda ndi yokonzeka kulandira othawa nkhondo. Chaka chotsatira Barcelona inapempha kutenga anthu 100 mwachindunji kuchokera ku Athens, koma boma la Spain linakana ponena kuti imeneyo si ntchito ya khonsolo. M'chaka chomwecho cha 2016 mfumu ya mzinda wa Athens, Giorgos Kaminis, inayambitsa mgwirizano wa Solidarity Cities pansi pa Eurocities. Kukanidwa kwa Barcelona kunaphunzitsa mafumu a mizinda kuti mzinda umodzi ukalankhula wokha nduna imangouyankha ndi kalata, koma mizinda makumi angapo ikalankhulira pamodzi nduna imakakamizika kuyitanitsa msonkhano.

Ntchito yaikulu ya migwirizanoyi, komabe, simveka pawailesi. Ndi ntchito yoonerana ndi kutengerana nzeru. Chitsanzo chabwino ndi cha chiphaso cha mzinda. Mu 2007 mzinda wa New Haven ku United States unayamba kupereka chiphaso kwa aliyense wokhala mumzindawo posafunsa ngati ali ndi chilolezo chokhalira m'dzikomo. Akuluakulu a mzindawo anaona kuti anthu opanda mapepala ankalephera kutsegula akaunti kubanki, choncho ankayenda ndi ndalama m'thumba, ndipo akaberedwa ankaopa kukanena kupolisi. San Francisco inatengera nzeruyo, kenaka New York inayambitsa chiphaso chake cha IDNYC mu January 2015, chomwe chinaperekedwa kwa anthu oposa 1 miliyoni. Nzeru yomweyo inawoloka nyanja, ndipo mu May 2022 anthu a mumzinda wa Zürich ku Switzerland anavomereza pa voti, ngakhale mopambana pang'ono, ndalama zokonzera chiphaso chotere. Palibe nyumba ya malamulo ya dziko yomwe inalamula zimenezi. Mfundo inayenda kuchoka pa khonsolo ina kupita pa khonsolo inzake, kudzera m'misonkhano ndi m'maulendo a akuluakulu a m'maofesi.

Zomwe zinachitika ku Marrakech

Pomwe mizinda inaonekera kwambiri pamaso pa dziko lonse ndi pa kukonza kwa pangano la United Nations lokhudza kusamuka kwa anthu mwadongosolo, lomwe limadziwika kuti Global Compact for Migration. Mwamwambo, zokambirana za ku United Nations ndi za mayiko okhaokha. Mfumu ya mzinda, ngakhale wa anthu mamiliyoni khumi, ilibe mpando kumeneko, pamene kazembe wa kadziko ka anthu 50,000 ali nawo pamodzi ndi voti.

Mafumu a mizinda anayamba kukonzekera msanga. Kuyambira mu 2014 ankakumana chaka ndi chaka pa msonkhano wawo wokambirana za kusamuka ndi chitukuko, womwe unayambira ku Barcelona n'kupita ku Quito, Quezon City ndi Berlin. Mu November 2017 anakumana ku Mechelen m'dziko la Belgium n'kulemba chikalata chomwe chinaperekedwa kwa otsogolera zokambirana za panganolo. Pempho lawo linali losavuta kumva: panganolo litchule makhonsolo monga mbali ya boma, osati kuwaphatikiza ndi mabungwe omwe si aboma, ndipo makhonsolo azikhalapo pounika momwe panganolo likuyendera.

Mbali ina ya pempholi inatheka. Panganolo, lomwe lili ndi zolinga 23, limatchula akuluakulu a maboma aang'ono m'ndime zingapo ndipo limati nthambi zonse komanso magawo onse a boma azigwirira ntchito limodzi pa nkhani za kusamuka. Linavomerezedwa pa msonkhano wa ku Marrakech m'dziko la Morocco pa 10 December 2018. Masiku awiri m'mbuyo mwake mafumu a mizinda anachita msonkhano wawo mumzinda womwewo, anatulutsa chikalata chawo, ndipo anakhazikitsa bungwe la Mayors Migration Council.

Chochititsa chidwi ndi mndandanda wa atsogoleri oyamba a bungwelo ukauika pambali pa zotsatira za voti ya pa 19 December 2018 ku New York. Mayiko 152 anavomereza panganolo, asanu anakana ndipo 12 sanavotere mbali iliyonse. United States, yomwe inali itatuluka kale m'zokambiranazo mu December 2017, inakana, koma mfumu ya mzinda wa Los Angeles, Eric Garcetti, inali m'gulu la atsogoleri a bungwe latsopanolo. Italy ndi Switzerland sanavotere mbali iliyonse, koma Giuseppe Sala wa ku Milan ndi Corine Mauch wa ku Zürich analinso m'gululo, limodzi ndi Yvonne Aki-Sawyerr wa ku Freetown ndi Erias Lukwago wa ku Kampala. Ku Belgium, dziko lomwe linachititsa msonkhano wa ku Mechelen, boma la mgwirizano la Charles Michel linagwa mwezi womwewo kaamba ka mkangano wa panganoli. Apa mizinda inali ikulonjeza kutsata pangano lomwe maboma a mayiko awo analikana kapena kuliopa.

Kuchokera nthawi imeneyo makhonsolo ali ndi khomo lawo lolowera pa msonkhano wa Global Forum on Migration and Development, kudzera mu dongosolo lomwe linakhazikitsidwa mu 2018 ndi UCLG, Mayors Migration Council ndi bungwe la IOM. Pa msonkhano woyamba wounika panganoli mu May 2022, mizinda inapereka malonjezo ake a ntchito zomwe ikuchita. Pafunika kunena, komabe, kuti panganoli silikakamiza dziko lililonse mwalamulo ndipo limanena poyera kuti dziko lili ndi ufulu wokonza lokha mfundo zake za olowa ndi otuluka. Mafumu a mizinda anapeza mwayi wolankhula, koma voti sanaipeze.

Mkangano ndi boma lalikulu

Mphamvu zenizeni za migwirizanoyi zimayesedwa kunyumba, pamene khonsolo yasemphana ndi nduna. Zitsanzo za ku Ulaya ndi ku America zikuonetsa kuti zotsatira zake zimatengera kwambiri malamulo oyendetsera dziko lililonse.

Ku Italy ubale unayamba bwino. Bungwe la makhonsolo a m'dzikolo, lotchedwa ANCI, linachita mgwirizano ndi unduna wa za m'dziko komanso UNHCR, ndipo lamulo la 2002 linakhazikitsa dongosolo la SPRAR, momwe makhonsolo ofuna okha amalandira othawa kwawo m'timagulu tating'ono ndi ndalama zochokera ku boma lalikulu. Ofesi yoyendetsa dongosololi inaperekedwa m'manja mwa ANCI. Apa bungwe la makhonsolo silinali longodandaula chabe, linali gudumu la ndondomeko ya dziko. Mu 2018 nduna Matteo Salvini inachepetsa dongosololo n'kuletsa anthu omwe akudikira yankho la pempho lawo lachitetezo kulembetsa m'kaundula wa khonsolo. Mu January 2019 mfumu ya mzinda wa Palermo, Leoluca Orlando, inalamula ogwira ntchito ake kuti asatsatire chiletsocho, ndipo mnzake wa ku Naples, Luigi de Magistris, anaima naye. Mu July 2020 bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti chiletsocho chinali chosemphana ndi malamulowo. Mlanduwo unafika kumeneko kudzera m'mabwalo aang'ono, osati mwa dandaulo la mafumu a mizinda, komabe kukana kwawo ndi komwe kunaika nkhaniyo pakamwa pa anthu.

Ku Germany mizinda inagonja. Mu June 2019 mizinda ingapo inapanga mgwirizano wa madoko otetezeka, wotsogozedwa ndi Potsdam, wofuna kulandira anthu opulumutsidwa pa nyanja ya Mediterranean kuposa chiwerengero chomwe boma linawagawira. Mamembala ake anakula mpaka kupitirira 100. Mu 2020 Berlin, yomwe ndi mzinda komanso chigawo chodziyimira, inapempha kulandira anthu 300 ochokera m'misasa ya pa zilumba za Greece. Lamulo la dzikolo limati ndondomeko yotere imafunika chilolezo cha unduna wa za m'dziko, ndipo nduna Horst Seehofer inakana. Berlin inakasuma, koma mu March 2022 bwalo lalikulu la ku Leipzig linagamula mokomera unduna. Chomwe mizinda ingaloze ndi chakuti msasa wa Moria utapsa mu September 2020, boma linavomera kutenga anthu ena pafupifupi 1,500, ndipo zinali zovuta kuti nduna inene kuti malo palibe pamene makhonsolo ochuluka anali atanena poyera kuti malo alipo.

Nkhani ya ku Netherlands ndiyo ingakhale yothandiza kwambiri kwa ogwira ntchito m'boma, chifukwa inadutsa m'magawo onse atatu. Boma lalikulu linkafuna kuti munthu yemwe pempho lake lakanidwa asapatsidwenso pogona, poganiza kuti akasowa mtengo wogwira abwerera kwawo. Makhonsolo ankayankha kuti munthuyo sabwerera, amakagona pansi pa mlatho mumzinda wawo, ndipo iwo ndi amene ali ndi udindo wosunga bata ndi umoyo wa anthu. Choncho ankapereka bedi, malo osambira ndi chakudya. Mu 2014 komiti ya Council of Europe yoona za ufulu wa anthu pa umoyo wawo inagamula kuti dzikolo likulakwa pokaniza anthuwa zofunika zoyambirira. Nkhaniyi inatsala pang'ono kugwetsa boma la Mark Rutte mu April 2015. Patapita zaka zokambirana, mu 2018 bungwe la makhonsolo la VNG linagwirizana ndi boma zoyesera malo osungirako anthuwa m'mizinda isanu ya Amsterdam, Rotterdam, Utrecht, Eindhoven ndi Groningen. Zomwe zinayamba ngati kusamvera zinasanduka ndondomeko ya dziko. Koma boma lina litalowa, linasiya kupereka ndalama zake kuyambira January 2025, ndipo mizinda monga Amsterdam ndi Utrecht inanena kuti ipitiriza ndi ndalama za m'thumba lake.

Ku United States mizinda imadalira mfundo ya m'malamulo oyendetsera dzikolo yakuti boma lalikulu silingakakamize apolisi ndi ogwira ntchito a zigawo kuligwirira ntchito yake. Los Angeles inaletsa apolisi ake kuimitsa munthu pongofuna kudziwa za mapepala ake kuyambira mu 1979. Pulezidenti Donald Trump atalamula mu January 2017 kuti mizinda yotere ilandidwe thandizo la ndalama, San Francisco ndi Santa Clara anakatenga chiletso kubwalo mu April chaka chomwecho. Lamulolo linafafanizidwa mu 2021, koma mkanganowo unabukanso mu 2025 a Trump atabwerera pampando.

Ndalama

Kumbuyo kwa mikangano yonseyi kuli funso la ndalama. Thumba la European Union lothandizira pa nkhani za othawa kwawo ndi obwera limadutsa makamaka m'maboma a mayiko, ndipo Eurocities yakhala ikudandaula kuti zomwe zimafika ku khonsolo zimafika mochedwa ndiponso zochepa. Kudzera m'pangano la ku Amsterdam la 2016, mizinda inapatsidwa mpando pa gulu lokambirana za kulandira obwera limodzi ndi nthumwi za mayiko ndi za European Commission, ndipo mzinda wa Amsterdam ndiwo unatsogolera. Mayors Migration Council inasankha njira ina: mu 2021 inakhazikitsa thumba la Global Cities Fund lomwe limapereka ndalama mwachindunji ku khonsolo, kuyambira ndi Barranquilla, Beirut, Freetown, Lima ndi Mexico City. Ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi mavuto a mizindayo. Phindu lake lenileni ndi kusonyeza mabungwe othandiza kuti khonsolo ya m'dziko losauka ikhoza kulandira ndalama, kugwira ntchito ndi kupereka malipoti popanda kudzera ku likulu.

Mizinda ya mu Africa

Anthu ambiri a mu Africa omwe amasamuka kwawo, makamaka a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, amapita m'mayiko oyandikana nawo, osati ku Ulaya. Mu January 2018 bungwe la African Union linavomereza pangano lolola anthu kuyenda momasuka mu Africa, koma pofika 2023 mayiko anayi okha, Mali, Niger, Rwanda ndi São Tomé and Príncipe, ndiwo anali atalikhazikitsa mwalamulo, pamene pamafunika mayiko 15 kuti liyambe kugwira ntchito. Mu November chaka chomwecho cha 2018, pa msonkhano wa Africities ku Marrakech, nthambi ya UCLG ya mu Africa inavomereza chikalata cha makhonsolo chotsutsa nkhanza kwa obwera komanso kukana kumangidwa kwa misasa yotsekeramo anthu obwezedwa kuchokera kunja.

Vuto la mizinda ya mu Africa ndi losiyana pang'ono ndi la ku Ulaya. Kuno nkhani yaikulu ndi ya anthu osawerengedwa. Dziko la Uganda, lomwe limasunga othawa kwawo oposa 1.5 miliyoni, limawalola kuyenda ndi kugwira ntchito malinga ndi lamulo la 2006, koma thandizo limaperekedwa kumidzi yomwe inakonzedwera anthuwa. Ambiri amalembetsa kumidziko koma n'kumakhala m'matauni a Arua ndi Koboko, kufupi ndi malire a South Sudan ndi Democratic Republic of Congo. Popeza ndalama zomwe boma limatumiza ku khonsolo zimatengera chiwerengero cha kalembera, makalasi ndi zipatala za m'mataunimo zimadzaza ndi anthu omwe bajeti siwadziwa. Makhonsolo awiriwa, mothandizidwa ndi mabungwe akunja, anawerenga anthuwo n'kupita ndi ziwerengerozo ku boma ndi kwa othandiza. Analowanso mu mgwirizano wa matauni apakati a m'chigawocho, wothandizidwa ndi Cities Alliance, momwe mulinso matauni a ku Kenya ndi Ethiopia. Khonsolo yokhala ndi ziwerengero m'manja imamvedwa mosiyana ndi khonsolo yongodandaula.

Mzinda wa Johannesburg, komwe Amalawi ambiri amapita kukafuna maganyu, ukuonetsa mbali zonse ziwiri za nkhaniyi. Mu 2007, a Amos Masondo ali mfumu ya mzindawo, khonsolo inatsegula ofesi yothandiza obwera. Ofesiyo sinathe kuletsa zipolowe za mu May 2008 zomwe zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, ndipo boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga nzika zake, monga linachitiranso mu 2015. Kuyambira 2016 mpaka 2019 mzinda womwewo unatsogozedwa ndi a Herman Mashaba, omwe ankadzudzula poyera obwera opanda mapepala ndi kukakamiza unduna wa za m'dziko kuti ukhwimitse zinthu. Nawonso anali mawu a mzinda opita ku boma lalikulu, koma olowera kwina. Patapita zaka zochepa, mu 2022, Johannesburg inali m'gulu la mizinda yolandira ndalama za Global Cities Fund pamodzi ndi Accra, Arua, Monrovia ndi Beira, mzinda wa ku Mozambique womwe unasakazidwa ndi namondwe wa Idai mu March 2019.

Apa ndi pomwe pali kufooka kwa migwirizanoyi. Lonjezo la mzinda limakhala lolimba malinga ngati mfumu yomwe inasayina ikadali pampando. Ada Colau anachoka ku Barcelona mu 2023, Leoluca Orlando anachoka ku Palermo mu 2022. Ngakhale mizinda yodziwika ndi kulandira alendo imatopa: anthu oposa 200,000 atafika ku New York kuyambira mu 2022, ena mwa iwo pa mabasi otumizidwa ndi bwanamkubwa wa Texas, mfumu ya mzindawo, Eric Adams, inayamba kudzudzula boma la chipani chake chomwe. Kuonjezera apo, mawu omwe amamveka m'misonkhano ya kunja ndi a mizinda ikuluikulu yokhala ndi maofesi oona za ubale ndi mayiko ena, pamene matauni a m'malire, omwe amasenza katundu wolemera, nthawi zambiri alibe ngakhale ndalama ya tikiti ya ndege. Ndipo popeza mabungwe ena amadalira othandiza a ku Ulaya ndi America, pamakhala funso loyenera lakuti mfundo zomwe zikukambidwa n'zochokera kwa yani.

Kuno kumudzi

M'dziko muno malamulo amaika nkhani za olowa ndi otuluka komanso za othawa kwawo pansi pa boma lalikulu. Lamulo la othawa kwawo ndi la 1989, ndipo ndondomeko ya boma ndi yakuti anthuwa azikhala kumsasa wa Dzaleka m'boma la Dowa, womwe unatsegulidwa mu 1994 kuti uzisunga anthu pafupifupi 10,000 mpaka 12,000 koma unadzafika posunga oposa 50,000. Mbali inayi, lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu, zonse za 1998, zinapereka kwa makhonsolo ntchito monga kuyendetsa misika, kupereka zilolezo zina za malonda ndi kuyang'anira sukulu za pulayimale.

Kusiyana kumeneku kunaonekera mu 2023, pamene boma linalamula othawa kwawo omwe ankakhala m'mizinda ndi m'malo ochitira malonda kuti abwerere ku Dzaleka pofika pa 15 April, ndipo mwezi wotsatira apolisi anayamba kuwasamutsa. Chigamulo chinali cha unduna, koma mashopu omwe anatsekedwa, nyumba za lendi zomwe zinasiyidwa ndi ana omwe anachoka m'makalasi zinali m'madera a makhonsolo, ndipo khamu lomwe linaonjezereka linakatsikira m'boma la Dowa. M'chaka chomwecho, mu March, namondwe wa Freddy anasowetsa pokhala anthu oposa 600,000 m'chigawo cha kum'mwera, kuphatikizapo a ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche mumzinda wa Blantyre. Kumeneku n'kusamuka kwa m'dziko momwemo, kopanda chiphaso kapena chipata, koma mafunso ake ndi omwe aja a ku Beira: anthu akakhale kuti, malo apereke ndani, ndipo ndalama zichokere m'thumba liti.

Makhonsolo a m'dziko muno ali ndi bungwe lawo la Malawi Local Government Association, lomwe malo ake ndi ofanana ndi a ANCI ku Italy kapena VNG ku Netherlands, mabungwe omwe anakwanitsa kukhala pansi ndi unduna n'kulemba nawo ndondomeko. Chomwe chinapatsa mphamvu mabungwe amenewo, monganso makhonsolo a Arua ndi Koboko, ndi kudziwa kuchuluka kwa anthu omwe akuwathandiza ndi ndalama zomwe zikulowa pa ntchitoyo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe ndi 800,264 mumzinda wa Blantyre, ndipo ndalama zomwe boma limagawira makhonsolo zimatengera, mwa zina, chiwerengero cha anthu. Onse omwe afika m'mizindayi kuchokera nthawi imeneyo, kaya kuchokera ku Nsanje, ku Tete kapena ku Bujumbura, adzaonekera m'mabuku pa kalembera wotsatira, yemwe akuyembekezeka kuchitika mu 2028.